Tinatemeredwa Kale

Ndikukumbukira chaka chimene nthomba inalowa m'makomboni a esiteti ya tiyi kumene ndinakulira, kumunsi kwa phiri la Mulanje, mbali ya ku Milonde. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Achinyamata a lero nthomba saidziwa, ndipo ayamike. Inali nthenda yotulutsa matuza thupi lonse, mpaka m'kamwa ndi m'maso. Ena inkawapha. Amene yawasiya ankatsala ndi zipsera kumaso moyo wawo wonse.

M'nyumba mwathu tinalimo anthu anayi: bambo, mayi, ine, ndi mlongo wanga Eneresi wa zaka zisanu. Inali nyumba ya kampani, chipinda chimodzi ndi kakhonde. Makolo anga anawoloka mtsinje wa Ruo kuchokera ku Mozambiki ine ndili kumsana. Bambo ankagwira ntchito mufakitale, ndipo kumeneko Chinyanja anachitola msanga. Mayi ankathyola tiyi pamodzi ndi amayi anzawo ochokera kwawo komweko, tsiku lonse akuyankhula Chilomwe chokhachokha. Chinyanja, chomwe lero timati Chichewa, ankangomvapo moni ndi mayina a zinthu za pamsika.

Choncho khutu lawo ndinali ine, pakamwa pawo ndinalinso ine. Kusitolo, kutchalitchi, pasikelo yoyezera tiyi, munthu akayankhula mayi ankanditembenukira n'kufunsa m'Chilomwe, "Akuti chiyani?" Ine n'kuwauza. Ntchito imeneyi ndinkainyadira. Anzanga ankatumidwa kukatola nkhuni, ine ndinkaima pakati pa akuluakulu. Mayi ankauza anzawo kuti mwana wawo salakwitsa mawu, ndipo zinali zoona.

Chaka cham'mbuyo mwake Eneresi ankadwaladwala. Mayi anatitenga tonse awiri kupita kwa mkulu wina wa kwawo, a Nampuluma, amene ankadziwa zitsamba. Anatikhazika pamphasa kuseri kwa nyumba, natenga lumo, natitema mphini pachifuwa, pamsana ndi pamwamba pa mkono. Kenako anapakamo mankhwala akuda oyabwa ngati chitedze. Kuchita zimenezi kwathu tinkati kutemera, ndipo mwana akachitidwa zotere tinkati watemeredwa. Mphini za pamkono wa Eneresi zinatukusira chifukwa ankakanda. Zitapola zinasiya chipsera chimodzi chozungulira, kukula ngati njere ya kalongonda.

Nthomba itamveka pa esiteti yoyandikana nafe, aphunzitsi athu anaimitsa masamu m'mawa wina. Anati anthu a zaumoyo ochokera ku Boma akuyenda komboni ndi komboni kupereka katemera, ndipo kwathu adzafika Lachinayi. Analemba mawu oti katemera pabolodi, nawadula mzere kunsi, natiyang'ana mmodzimmodzi.

"Tamverani bwino. Katemera ameneyu si mphini za kwanu zija ayi. Dzina likufanana, zinthu n'zosiyana. Ngakhale wina ali ndi mphini mpaka kuphazi, akalandire. Mukawauze makolo anu. Mwamva?"

"Tamva, aphunzitsi!"

Ine ndinakuwa nawo. Ndinamva ndithu. Ndalemba zimenezi poyera kuti wina asadzandichepetsere mlandu ponena kuti ndinali mwana wosadziwa kanthu.

Pa nthawi yopuma, Fesitoni, mnzathu wa ku komboni ya kumtunda kumene a katemera anali atadutsako kale, anavula malaya kutionetsa mkono. Pamwamba pake panali chithuza chachikulu, chofiira m'mbali, mafinya pakati. Kukhwapa kunali mwanabere.

"Amachita ndi chiyani?" wina anafunsa.

"Ndi chisingano chotalika chonchi," anatero Fesitoni, akuloza kuyambira kuchala mpaka pachigongono. "Amaboola mpaka chikagunde fupa. Mkulu wina wa kwathu, wandevu zake, anakodzera m'kabudula."

"Ukunama iwe!"

"Ndikunama? Mudzaona Lachinayi. Makamaka iwe Disitoni, mkono ngati bango iwe, chidzatulukira mbali inayo."

Disitoni ndinali ine. Onse anaseka. Inenso ndinaseka. Koma pobwerera kunyumba, m'kanjira ka pakati pa tiyi, mkono wanga unkachita kulemera. Uthenga wa aphunzitsi sindinaufikitse kwa mayi. Ndinati ndiwauza mawa. Mawa lake ndinatinso mawa.

Lachinayi kunacha ndi chiperoni, kamvula kozizira kowazawaza kamene kamaphimba phiri lonse. Kapitawo anamenya chitsulo, ndipo anthu a m'komboni monse anasonkhana pashedi yoyezera tiyi. Bambo anali kufakitale, kumene anali ndi tsiku lawo lapadera. Ine ndinaima pamzere ndi mayi, Eneresi atagwira nsalu yawo. Pankanunkha tiyi wamuwisi, zovala zonyowa ndi mankhwala a sipiriti. Kutsogolo kunali tebulo ndi abambo awiri ovala makhoti oyera. Ana ankalira asanafike n'komwe patebulopo.

Anthu anachuluka, ndipo abambo awiriwo anali ndi makomboni ena oti afikeko tsiku lomwelo. Mmodzi wa iwo, wamtali, anakwera pabokosi nakuwa:

"Amene munatemeredwa kale, musataye nthawi pamzere! Patukani, muzipita ku ntchito!"

Ankanena anthu amene analandira katemera wa boma kwina, kapena zaka za m'mbuyo. Ine ndinadziwa kuti akunena zimenezo.

Mayi anandikodola. "Akuti chiyani?"

Ndinawauza mawu onse monga anatulukira pakamwa pa bambo uja. Sindinachotse, sindinawonjezere. Mawu oti kutemera ndinawamasulira ndi mawu a Chilomwe otchulira kutema mphini, poti m'Chilomwe cha m'nyumba mwathu munalibe ena.

"Basi, ife zathu zinatha kale kwa a Nampuluma," anatero mayi. Anandiyang'ana kuti ndiwatsutse ngati alakwa. Ankatero nthawi zonse, ndipo nthawi zonse akalakwa ndinkawakonza, mwina mwamwano. Patebulo paja kamtsikana kena kanakuwa ngati kakuphedwa. Ine ndinayang'ana zala za kuphazi.

Tikupatuka, kapitawo anatitsekera njira ndi ndodo yake.

"Iwe wa sukulu, amako akuthawira kuti?"

"Tinatemeredwa kale, bwana."

"Liti? Onetsa."

Sindinaonetse mkono wanga. Ndinakweza mkono wa diresi la Eneresi. Kapitawo anawerama pang'ono, naona chipsera chozungulira chija, nagwedeza mutu.

"Pitani. Amayi inu, dengu likudikira kumunda."

Mayi anakondwa kuti tsiku la ntchito silinaonongeke. Panjira anamasula nsonga ya nsalu natigawira chinangwa chootcha. Ndinadya, ndipo chinali chokoma. Mpaka lero ndimadana nako kukumbukira kuti chinali chokoma.

M'mawa mwake aphunzitsi anafunsa ngati tonse tinalandira, ndipo ndinakweza dzanja pamodzi ndi anzanga. Sabata yonseyo ndinkayenda nditapinda mkono monga ankachitira iwo, n'kumabuula munthu akandigunda. Fesitoni anafuna kuona chilonda changa. Ndinamuuza kuti mayi aletsa kuvula malaya pamphepo.

Patapita masabata atatu Eneresi anakana phala. Thupi linatentha, akulira mutu ndi msana. Tsiku lachitatu timatuza tinayamba pamphumi, kenako m'manja, kenako paliponse. Akuluakulu a esiteti analamula kuti pamangidwe msasa waudzu kunja kwa komboni, m'mphepete mwa mitengo ya bulugama, ndipo anamutengera kumeneko pamodzi ndi mayi. Ine ndi bambo tinkasiya chakudya ndi madzi pachitsa, chapatali, n'kubwerera m'mbuyo. Mayi ankatuluka kudzatenga, n'kundikuwira kufunsa ngati ndadya, ngati thupi langa silikutentha. Fungo la mumsasamo linkafika pachitsapo. Limenelo sindilifotokoza.

A katemera aja anabweranso, poti odwala m'komboni mwathu anali atakwana angapo. Ulendo uno sanafunse munthu, ankayang'ana okha mkono uliwonse. Bambo wamtali uja anagwira mkono wanga, naupotoza, nayang'ana mphini zanga, nandiyang'ana kumaso. Anapukuta ndi thonje, nadontheza kadontho ka mankhwala, nakanda khungu ndi kasingano kochepa kuposa kamene mayi ankasokera zigamba. Kunali ngati kukwapulidwa ndi kanthambi m'tiyi. Ndisanaganize zolira, iye anali ataitana kale wina.

Zinali zimenezo basi. Chimene ndinathawa chinali chimenecho.

Atamaliza anapita kumsasa kuja, atatenga mayi wina wa m'komboni wodziwa zinenero zonse ziwiri. Ine ndinawatsata n'kukaima pachitsa. Mayi anga anatuluka, bambo uja nawapatsa katemera nawonso, kenako anatembenukira womasulira.

"Afunseni, bwanji sanabwere naye mwanayu tsiku lija?"

Mayi anayankha kuti anabwera naye, koma anauzidwa kuti otemeredwa kale azipita. Anatchula a Nampuluma, naloza pachifuwa, pamsana, pamkono. Bambo uja anagwira m'mutu. Womasulira anawafotokozera kusiyana kwake pang'onopang'ono, akubwerezabwereza. Ndinaona mayi anga akukhala pansi pamatope, miyendo itatambasuka, ngati munthu amene wagweredwa ndi mtengo.

"Nanga mwana wa sukulu uyu anali kuti?" anatero bambo uja, akuloza ine. "Kusukulu sanawauze?"

Atawamasulira, mayi anadzutsa mutu.

"Mwanayo musamukhudze. Iye ananena zimene munanena inu. Wosamva ndine."

Onse anandiyang'ana. Imeneyo inali nthawi yanga yotsegula pakamwa. Sindinatsegule.

Bambo sanandimenye. Anali munthu wa lamba pa tinthu ting'onoting'ono, nkhuni zikanyowa, ndowa ikabooka. Koma pa mlandu uwu panalibe wondiloza chala, choncho panalibenso chilango. Ndikanakonda akanandimenya.

Eneresi sanafe. Nkhanambo zitagwa anabwera naye kunyumba, msasa uja n'kuutentha. Nkhope yake inali ngati dothi limene lagweredwa ndi matalala. Maso onse awiri anayera. Tsiku loyamba anamukhazika pakhonde, dzuwa likumuomba kumaso, ndipo anandiitana.

"Achimwene, tatsegulani chitseko, muno muli mdima."

Ndinathawira m'tiyi. Ndinabwerako dzuwa litapendeka.

Pambuyo pake ndine amene ndinkamugwira dzanja popita kutchalitchi ndi kumpopi. Mnyamata wina atamunena kuti nkhope ngati sefa, ndinamumenya mpaka kumuthyola dzino. Amayi a m'komboni anandiyamikira. Ankati onani mwana wokonda mlongo wake. Ine ndinkalandira mayamikowo monga ndinalandirira chinangwa chija.

Kuyambira pamenepo mayi anasiya kutiyankhula Chilomwe. Anaumirira Chinyanja chothyokathyoka, amayi a pamsika wa Milonde akuwaseka ndi kuwayeserera. Iwo sankasamala. Akamva mawu achilendo ankamuimitsa munthu, kaya kapitawo kaya m'busa, n'kumufunsa kawiri katatu mpaka amvetse. Galimoto ya a zaumoyo ikabwera, ya sikelo ya ana kapena ya chikuku, ankakhala oyamba pamzere, atabereka ana a eni. Ine sanandifunsenso kuti akuti chiyani. Kaya kunali kufuna kudzimvera okha, kaya ankadziwa chimene ndinachita, sindidziwa. Sindinawafunse. Anamwalira ine ndili ndi ana atatu, akunenabe kuti khutu lawo ndi limene linadya maso a mwana wawo.

Sukulu ndinalekera sitandade sikisi. Ndinalowa ntchito pa esiteti yomweyo, ndipo ndinapuma ndili kapitawo. Anthu ankandidziwa kuti sindinama. Inenso ndinkadziuza zomwezo, kuti tsiku lija sindinaname, mawu aliwonse amene ndinanena pashedi paja anali oona. Ndinakhala m'maganizo amenewo zaka zoposa makumi asanu, monga mmene munthu amakhalira m'nyumba yodontha, akusunthasuntha mphasa.

Eneresi anakwatiwa, anabereka, ndipo lero amakhala ku Nkando kwa mwana wake wamkazi. Chaka chathachi ndinadwala n'kugona m'chipatala masiku angapo. Nditatuluka ndinakwera minibasi kupita kwa iye. Ndinamupeza pakhonde akusenda nandolo m'lichero. Anandizindikira ndi katsokomoledwe.

"Achimwene, tinkayesa mwafa. Tinali titayamba kale kusinja chimanga cha pamaliro."

"Bwezerani m'thumba, achemwali. Ndabwera ndi nkhani."

Ndinamuuza zonse: za aphunzitsi, za Fesitoni, za kapitawo, za chipsera cha pamkono wake. Manja ake sanaime. Nandolo ankagwera m'lichero mmodzimmodzi. Nditamaliza anandifunsa:

"Ndiye mwakwerera minibasi zimenezi?"

"Eya."

"Tsiku limenelo ndimalikumbukira. Titachoka pamzere ine ndinkadumphadumpha. Singano ndinkaiopa kuposa inu."

"Munali ndi zaka zisanu inu."

"Inu khumi ndi chimodzi. Ndevu munalibe." Anataya makoko pansi. "Za maso zisiyeni. Ndalera ana asanu, nkhope zawo ndimazidziwa ndi manja. Ndipo ndimamva kuti yanuyo si yoti munthu n'kuilirira."

Ndinayamba kuseka, koma iye sanaseke.

"Koma amayi aja munawalakwira, achimwene. Ine ndi amene ndinkakhala nawo inu muli kusukulu. Ankati akamandisambitsa, n'kusiya sopo, n'kumadzimenya khutu. Zaka zonse zija mukudya chakudya chophika iwo, mawu awiri okha anakukanikani?"

Anandikankhira lichero, ndipo tinasenda nandolo mpaka anatha. Pa za mayi sanandikhululukire, ndipo ine sindinapemphe. Mwini wake wa chikhululuko chimenecho si iye. Mwini wake ali kumanda.

Masiku ano a zaumoyo amabwera ndi galimoto ya zimkuzamawu, nyimbo, zikwangwani ndi malaya olembedwa. Lero katemera wa poliyo, mawa wa kolera, mkucha maneti a udzudzu. Zonsezo n'zabwino, sindizinyoza. Koma galimoto imadutsa, fumbi n'kukhazikika, ndipo pakhomo lililonse pamatsala munthu amene sanamvetse, akufunsa mwana wake kapena mnansi wake. Nthenda imalowera pamenepo, kapena kubwerera pamenepo.

Ine za mankhwala sindizidziwa. Chimene ndimachita n'chimodzi. A zaumoyo akabwera m'mudzi mwathu ndimanyamula mpando wanga n'kukakhala pafupi ndi mlangizi. Akamaliza kuyankhula, anthu n'kuvomera onse pamodzi, ine ndimaimirira n'kuloza mmodzi.

"Amayi inu a duku lofiira, tanenani mwamva zotani."

Amang'ung'udza. Amati mdala uja wayambanso, tichedwa kumunda. Azinena. Mwezi wathawu mtsikana wina wobereka mwana anali akuchoka kale pamene ndinamuloza. Anati iye wamva kuti wake safunikanso madontho a poliyo poti analandira ulendo wapitawo. Mlangizi anali atanena zosiyana ndi zimenezo, kuti mwana aliyense alandirenso, koma ananena mothamanga, theka lake m'Chingerezi. Ndinauza mlangiziyo kuti abwereze ngati akuuza agogo ake. Anabwereza. Mtsikana uja anabwerera, akundiyang'ana ndi diso loipa. Diso loipa la munthu woona sindiliopa.

Mwana uja wa zaka khumi ndi chimodzi ndimamumvetsa tsopano. Anaopa singano, ndipo mantha a mwana si mlandu waukulu. Amene sindimumvetsa ndi ine nditakula, bambo wandevu, kapitawo woopedwa m'komboni monse, amene ankakhala moyang'anana ndi mayi ake chaka ndi chaka n'kuwasiya asenze katundu wosakhala wawo. Ndinaphunzira mochedwa kuti munthu atha kunena mawu oona okhaokha n'kukhalabe wabodza. Ukadziwa chimene mnzako sakuchidziwa, moyo wa mwana uli pomwepo, nena chonse, nthawi yomweyo, iye asanatembenuke kupita kwawo.